Kugwa kwa Sunderland: Maganizo pa Kanema wa "Sunderland 'Til I Die"

Ena mwa amene anayambitsa kampani ya Fulwell 73, imene inajambula kanema ameneyu, ndi anthu ochemerera timu ya Sunderland. Pamene timuyi inatsika mu Premier League m'chaka cha 2017, iwo ananyamula makamera poyembekeza kujambula kubwerera kwake. Koma mu April 2018 Burton Albion inaigonjetsa 2-1 pakhomo pake, ndipo inatsikanso, kulowa mu League One. Ine nditi tsoka limeneli ndilo linakometsa kanemayu.

Gawo loyamba, la 2018, ndilo lamphamvu. Tiona mphunzitsi Simon Grayson akuchotsedwa ntchito, Chris Coleman nalowa ndi mawu okoma, nayenso n'kuchoka timu itagwa. Tiona Jack Rodwell, wolandira malipiro ambiri koma osasewera. Komabe maso athu sakhalitsa pa amenewa. Amatembenukira kwa mayi wophikira osewera, kwa ogwira ntchito mu ofesi, ndi kwa wansembe wopempherera timu m'tchalitchi. Timu ikatsika wosewera amapeza kwina. Wophika ndiye amagona osadziwa ngati mawa ntchito ilipo.

Chofooka chiliponso. Bwalo la Stadium of Light linamangidwa pamalo pa mgodi wa malasha umene unatsekedwa mu 1993, ndipo ntchito yopanga zombo mumzindamo inatha mu 1988. Kanemayu angozikhudza pang'ono zimenezi, nathamangira misozi ya ochemerera. Misoziyo tiiona ndithu, koma chimene chinachititsa mzinda wathunthu kutsamira pa anyamata khumi ndi mmodzi sitichimva bwino.

Gawo lachitatu, la 2024, lionetsa timu ikukwera itagonjetsa Wycombe Wanderers 2-0 ku Wembley mu 2022. N'lokondweretsa, koma n'lopepuka. Pachimwemwe anthu onse afuula mawu amodzi; patsoka ndi pamene aliyense alankhula zakezake, wina kutukwana, wina kukhala chete, wina kugulanso tikiti ya chaka chamawa.

Sunderland inabwerera mu Premier League mu 2025. Tiwayamikire, ngakhale wokwera pamsana pa njovu asamati kulibe mame. Kwa ife alembi funso ndi ili: bwanji nkhani zathu zambiri zimathera pa ukwati kapena pa kukhoza mayeso? Amene analephera mayesowo, ndi mayi wake amene anagulitsa mbuzi, tiwasiyira yani?