Za Mapu a Madzi a ku Cape Town

Mphunzitsi ali yense adziwa kuti mwana agwira msanga cimene waona pa bolodi koposa cimene wangomva ndi makutu. Akulu a mzinda wa Cape Town anayesa nzeru yomweyi pa anthu akulu m'caka ca 2018, ndipo ndifuna kuti tiipime nchito yaoyo, ubwino wace ndi zoperewera zace.

Mvula inabvuta kumeneko zaka zitatu kuyambira 2015, kotero kuti madamu osungira madzi, ngakhale lalikulu lija la Theewaterskloof, anayandikira kuphwa. Akuluwo analengeza kuti madzi akatsala magawo 13.5 mwa 100 adzatseka mipopi ya m'nyumba, ndipo munthu ali yense azikaima pa mzere kukatunga malita 25 pa tsiku. Kuyambira pa 1 February analamula kuti munthu asapitirire malita 50 pa tsiku.

M'mwezi wa January anali ataika mapu a mzindawo pa intaneti. Nyumba yosapitirira malita 6,000 pa mwezi inalandira kadontho kobiriwira kwambiri. Yosapitirira malita 10,500 inalandira kobiriwira pang'ono. Koma yopitirira pamenepo inakhala yopanda kadontho.

Ubwino wa mapuwa ngwoonekeratu. Ciwerengero ca madzi a mzinda wonse sicilasa mtima, pakuti munthu amati, Kabekete kanga kamodzi kadzathandizanji? Koma akaona kuti anansi ace ali ndi kadontho, iye alibe, ayamba kudzifunsa. Anacitanso bwino posankha kuyamika osunga madzi, osapaka cofiira pa nyumba za oononga.

Komatu zoperewera ziripo zitatu. Coyamba, kadonthoko kanawerenga nyumba, si anthu ai. Malita 6,000 ndiwo a anthu anai, yense malita 50, masiku 30. Tsono munthu wokhala yekha, wotaya malita 190 pa tsiku, atha malita 5,700 nalandira ulemu woposa. Koma banja la anthu 8, lodzimana kufikira malita 40 yense, litha malita 9,600 nilioneka locepekedwa. Kodi kupima kotere nkolungama?

Caciwiri, amphawi okhala m'zisakasa, otunga pa mpopi umodzi wa onse, alibe mita yao yao, cotero sanaoneke pa mapu, cinkana ndiwo odziwa kusunga madzi kuyambira kale. Pakuti wosenza madzi pamutu sawataya cabe.

Cacitatu, kusowa kadontho nakonso kunanena. Nyumba imene paipi yace inali kudontha pansi pa nthaka, mwini wace osadziwa, ikanatha kunenedwa miseche ngati ya munthu wosasamala.

Inde, mzindawo unapulumuka. Madzi otha pa tsiku anatsika kucokera pa malita ngati 1,200 miliyoni mu 2015 kufika pafupi ndi 500 miliyoni mu 2018, ndipo mipopi sinatsekedwe. Koma mutu umodzi susenza denga: anakwezanso mtengo wa madzi, nacepetsa mphamvu yace m'mapaipi, nadula gawo la alimi, ndipo pambuyo pace mvula ya m'nyengo yacisanu inagwa. Wopatsa mapu okha ulemu wonse alakwa.

Cifukwa cace nditi, cithunzi ca mawerengero ndi wanchito wabwino, koma woweruza wosakwanira. Mukaciona, pa mzinda kapena pa cipupa ca sukulu, funsani mafunso awiri awa: Cawerenga ciani? Nanga casiya yani?