Chithunzi cha Buffalo Bill: hatchi yoyera, magazi osaoneka

Anzathu okhala ku Salford, mukamadutsa pa Cody Court kapena Buffalo Court, dziwani kuti mayinawo sanangogwa kumwamba. Kuyambira mu Disembala 1887, William Cody, wotchuka ndi dzina loti Buffalo Bill, anakhala kumeneko pafupifupi miyezi isanu akuonetsa masewera ake a mfuti ndi akavalo otchedwa Wild West. Anabwera ndi anthu a mtundu wa Lakota, eni nthaka a ku America, kuti azionetsedwa akugonja tsiku ndi tsiku.

Mwezi uno gulu lathu lakambirana chithunzi chake chimene mayi wa ku France, Rosa Bonheur, anajambula ndi penti mu 1889, masewerawa ali ku Paris. Lero chimasungidwa ku Cody, m'chigawo cha Wyoming. Kunena zoona, mayiyu dzanja anali nalo. Anali katswiri pojambula nyama, ndipo hatchi yoyerayo imachita ngati ituluka m'chithunzimo. Cody wakhala pamsana pake mwaufumu, chipewa chachikulu kumutu, jekete lachikopa, ndevu zosamalidwa bwino. Ukamuona umangoti: koma uyu ndiye bambo waulemu.

Apa ndi pomwe tikusiyana naye mayi Bonheur. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bambo waulemuyu anapha njati za ku America zoposa 4,000 mu 1867 ndi 1868 kuti adyetse omanga njanji ya Kansas Pacific, njati zomwe eni nthaka ankadalira pa chakudya, zovala ndi pogona. Mu 1876 anapha Yellow Hair wa mtundu wa Cheyenne, n'kumusenda khungu la kumutu, kenako n'kumachita sewero la zomwezo anthu akulipira pakhomo. Zonsezi penti inazikwirira.

Ndi momwe zithunzi za akatswiri a mfuti zimakhalira. Wyatt Earp ndi Doc Holliday amajambulidwa mpaka lero chifukwa cha kuwomberana kwa pa 26 Okutobala 1881 ku Tombstone, komwe sikunathe ngakhale mphindi imodzi. Koma Tombstone inali tauni ya migodi ya siliva. Nanga amene ankatsika pansi, nkhope zawo zili kuti? Ife okumba funsoli limatiwawa, chifukwa tauniyo anaimanga ndi anthu ngati ife. Ku Salford nako, mnyamata wa Chilakota wotchedwa Surrounded anamwalira ndi matenda a m'mapapo m'nyengo yozizira ija. Amene dziko limamukumbukira ndi bwana wake basi.

Sitikuti chithunzichi chitayidwe, ayi. Tikuti pochiona tizifunsa: wasankhidwa kujambulidwa ndani, wasiyidwa ndani? Mu 1887 momwemo nkhondo ya Mlozi ndi kampani ya African Lakes inayamba ku Karonga, ndipo mayina omwe timawerenga ndi a Lugard ndi Johnston, pomwe Ankhonde amene midzi yawo inapsa amangotchedwa "anthu".

Yankho lilipo, ndipo lili pafupi. Mu 1934 okumba malasha a ku Ashington, kumpoto kwa Newcastle, anayamba kalasi yamadzulo yonga yathuyi ndi mphunzitsi Robert Lyon. M'malo mongosirira zithunzi za ena, anatenga burashi n'kumajambula okha: munthu atagwada m'mgodi, mayi ali kukhitchini, agalu a mpikisano. Zithunzizo zili ku Woodhorn Museum. Ulendo wathu wotsatira upite kumeneko, ndipo aliyense abwere ndi pensulo.