HERLAND: CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Mabuku olota za dziko langwiro alipo ambiri, ndipo gogo wawo ndi Utopia wa Thomas More, wa mu 1516. Dzinali ndi lochokera ku Chigiriki, kutanthauza malo amene kulibe. Pachilumba cha More pali mizinda 54, anthu amagwira ntchito maola 6 patsiku, ndipo chuma n'cha onse. Koma wowerenga modekha apeza kuti akapolo aliponso, ophika m'nyumba zodyera ndi akazi, ndipo patsiku la chikondwerero akazi amagwada pamaso pa amuna awo kuulula zolakwa. More anasintha boma ndi chuma, koma zakukhitchini anazisiya monga anazipezera.

Apa mpamene Charlotte Perkins Gilman wa ku America anayambira. Nthano yake, Herland, inatuluka pang'onopang'ono mu 1915 m'magazini yake, The Forerunner, ndipo inadzakhala buku mu 1979. Amuna atatu, Van, Jeff ndi Terry, afika pandege m'dziko la akazi okhaokha, amene kwa zaka 2,000 akhala akubereka ana aakazi popanda mwamuna. Kulibe nkhondo, kulibe umphawi, ndipo kulera ana ndiyo ntchito yolemekezeka koposa. Chimene chinandigwira mtima ndi mafunso amene akaziwo afunsa alendo awo. Van akamayesa kufotokoza chifukwa chake akazi akwawo ena amakhala m'nyumba ena nagwira ntchito ya malipiro ochepa, amachita manyazi yekha. Terry atafuna kugwiririra mkazi wake Alima, ponena kuti ndi ufulu wa mwamuna, apirikitsidwa m'dzikomo. Kulemba zotere mu 1915 kunali kulimba mtima.

Komabe, anzanga, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Monga chilumba cha More, Herland ndi dziko lotsekedwa, lozingidwa ndi mapiri, ndipo m'menemo simumva akazi awiri akukangana pa nkhani yaikulu. Choopsa kwambiri n'chakuti mkazi amene aonedwa kuti ali ndi khalidwe loipa amamunyengerera kuti asabereke. Gilman mwini wake ankakhulupirira zoti mtundu wa anthu ungakonzedwe posankha oyenera kubereka. Nanga wosankhayo ndani? Nanga wokana apita kuti?

Yankho labwinopo ndikuliona kwa Jane Addams, amene pamodzi ndi Ellen Gates Starr anatsegula Hull House ku Chicago mu 1889, pakati pa amphawi obwera kuchokera ku Ulaya. Gilman anakhalako miyezi ingapo mu 1895, ndipo John Dewey, mphunzitsi wa nzeru yotchedwa pragmatism, anali bwenzi la nyumbayo. Nzeruyi imati ganizo liyesedwe ndi zipatso zake, ndipo likalephera lisinthidwe. Addams anachitadi zimenezi. Anatsegula khitchini yogulitsa chakudya chopatsa thanzi, koma anansi ake sanachikonde, pakuti ankafuna chakudya chakwawo. Iye sanawatche mbuli. Anavomera kuti sanawafunse bwino, ndipo malo omwera khofi ndi kuchezerapo ndiwo anadzakondedwa. Mu 1895 analandira ntchito yoyang'anira kuchotsa zinyalala m'dera lake, namalawirira m'mawa kutsatira ngolo zake.

Sindikunena kuti tisiye kulota. Popanda maloto a Gilman sitikanaona msanga kuti zimene timati n'chilengedwe cha mkazi nthawi zambiri ndi mwambo chabe. Ndikunena kuti loto likhale ngati funso loti tiliyese pamodzi ndi eni ake, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ife amene timabweretsa nthano ndi ndakatulo zathu kuno kudzawerengerana, tikamalemba za dziko la mawa tidzifunse zinthu ziwiri: ndani akuphika m'dziko limenelo, ndipo kodi ali ndi ufulu wonena kuti ayi?