Seminale ya St Peter: Kukongola Kosapirira Nyengo

M'nkhalango ya Kilmahew, pafupi ndi mudzi wa Cardross m'dziko la Scotland, muli bwinja la seminale ya St Peter. Mpingo wa Katolika udayamba kumanga sukuluyi m'chaka cha 1961 ndipo idatsegulidwa mu 1966 kuti muziphunziramo anyamata 100 ofuna unsembe. Mapulani ake adajambula ndi Isi Metzstein ndi Andy MacMillan a kampani ya Gillespie, Kidd & Coia.

Akatswiri awiriwa adakana mamangidwe amakedzana a nsanja zosongoka ndi miyala yozokotedwa. Potsata nzeru za Le Corbusier, mmisiri wobadwira ku Switzerland, iwo adamanga ndi konkire yosakongoletsa. Tchalitchi ndi chipinda chodyera adaziika pansi, ndipo zipinda zogona adazisanja pamwamba pake ngati makwerero. Denga la chipinda chilichonse lidali lopindika ngati uta. Kuwala kunkalowera kudenga n'kugwera pa guwa la nsembe. Apa m'pamene pagona luso lawo: wophunzira ankagona, kudya ndi kupemphera pansi pa denga limodzi, kotero kuti nyumbayo payokha inkamuphunzitsa kuti pemphero silisiyana ndi moyo wa tsiku ndi tsiku.

Komatu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Scotland ndi dziko la mvula ndi chisanu, koma nyumbayi idayamba kudontha ikadali yatsopano, ndipo kuitenthetsa kudali kovuta. Nayo nthawi idaitembenukira. Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, womwe udatha mu 1965, udalimbikitsa kuti ansembe aziyandikira anthu, pomwe seminaleyi idabisala kutchire. Anyamata ofuna unsembe nawonso ankacheperachepera, mwakuti zipinda sizidadzazepo. Mu 1980, patangotha zaka 14, sukuluyi idatsekedwa. Kwa zaka zingapo mudasungidwa anthu ofuna kuleka mankhwala ozunguza bongo, kenaka idasiyidwa. Ngakhale kuti mu 1992 idalembedwa m'gulu loyamba la nyumba zotetezedwa ndi lamulo, moto, mvula ndi anthu owononga zidaisandutsa chigoba. Mu 2020 mpingo udapereka malowa ku bungwe la Kilmahew Education Trust.

Kodi amisiriwa tiwaweruze bwanji? Kusintha kwa mpingo si mlandu wawo. Koma denga lodontha ndi mlandu waukulu, pakuti ntchito yoyamba ya nyumba ndiyo kutchinga mvula. Choposa apo, adaimangira ntchito imodzi yokha. Tizipinda ting'onoting'ono toumbidwa ndi konkire sitikadasinthika mosavuta ophunzira atachoka. Luso lomwe lidachititsa nyumbayi kukhala seminale yosiririka ndi lomwenso lidailepheretsa kukhala china chilichonse. Mmisiri wanzeru amamangira amene amutuma lero, osaiwala amene adzalowemo mawa.