Mapatani a ku Matobo pa Nsalu: Luso la Yani, Dzina la Yani?

Mkangano wa umwini wa luso la makolo umene wakula m'dziko la Romania ndi kalilole wabwino woonera ntchito imene osoka zovala a mumzinda wa Bulawayo akhala akuchita ndi mapatani a amayi a ku Matobo. Nkhani ino ikuunika ntchitoyi pofunsa chimene chimapindulika ndi chimene chimatayika pamene chojambula cha pakhoma la kumudzi chasanduka diresi la m'tauni.

Kumapiri a Matobo, pafupifupi makilomita 35 kum'mwera kwa Bulawayo, amayi amakongoletsa makoma a nyumba zawo m'nyengo yachilimwe, zokolola zitalowa m'nkhokwe. Utoto wawo ndi dothi la mitundu yosiyanasiyana, phulusa ndi makala. Mvula ikagwa zojambulazo zimasuluka, ndipo chaka chotsatira mayi amayambanso. Mu 2014 unayamba mpikisano wotchedwa My Beautiful Home, kapena Comba Indlu Ngobuciko m'Chindebele, umene mwa ouchirikiza munali malemu Pathisa Nyathi, katswiri wa mbiri amene anakhazikitsa Amagugu International Heritage Centre. Kuchokera mumpikisanowu munabadwa ntchito ya Matobo Goes Fashion, yothandizidwa ndi ofesi ya kazembe wa dziko la Germany, imene inadinda mapatani a m'makomawo pa nsalu n'kuzipereka kwa akatswiri osoka zovala.

Akale anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Njira imene luso la ku Matobo layamba kuyenda, bulauzi ya ku Romania yotchedwa ia inaiyenda kale. Bulauziyi imapetedwa pamanja, ndipo chigawo chilichonse chili ndi dzina lake: altiță ndi kapetedwe ka paphewa, pamene mizere yotsika m'mikono imatchedwa râuri, kutanthauza mitsinje. Wodziwa kuwerenga kapetedweka amazindikira dera limene wovalayo akuchokera. Mu 1940 Henri Matisse anajambula chithunzi chotchedwa La Blouse roumaine, ndipo mu 1981 Yves Saint Laurent anatengera bulauziyi pa zovala zimene anaonetsa ku Paris. Apa dzina la Romania linali poyera, chifukwa linali m'mutu wa chithunzi chenichenicho.

Zinthu zinasiyana mu 2017. Kampani ya Tory Burch inatulutsa chikhoti chofanana kwambiri ndi chikhoti cha makolo a ku Romania, koma poyamba inafotokoza kuti maganizo ake anachokera ku Africa. Anthu atadandaula, mafotokozedwewo anasinthidwa. M'chaka chomwecho kampani ya Dior inaonetsa chovala chofanana ndi cha anthu a m'chigawo cha Bihor popanda kuwatchula. Gulu la La Blouse Roumaine, limene kuyambira 2013 limakondwerera tsiku la bulauziyi pa 24 June, silinaletse aliyense kuvala kapena kutengera. Linapempha kuti eni ake atchulidwe. Mu 2022 bungwe la UNESCO linaika luso la bulauzi ya altiță m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe, m'dzina la Romania ndi Moldova.

Cholakwa cha Tory Burch chili ndi phunziro lowawa kwa anthu a kuno. Mawu oti Africa anagwira ntchito ngati thumba loponyeramo chilichonse chooneka chachilendo, chimene mwini wake sakufunika kumufufuza. Ngati chikhoti cha ku Ulaya chinatha kumira m'mawu amenewa, n'chapafupi kuti patani ya mayi wa ku Matobo imiremonso. Ubwino woyamba wa Matobo Goes Fashion uli pomwepa, popeza dzina la malo lili m'mutu wa ntchitoyo ndipo wogula sangaliphonye.

Kubwereka pakokha si mlandu, ndipo chiyankhulo chimachitira umboni. Chitenje chimene Amalawi amachitcha chawo chili ndi mizu mu luso la batik la ku Java, limene makampani a ku Netherlands ndi ku Britain anatengera n'kumagulitsa mu Africa m'zaka za m'ma 1800. Ku East Africa nsaluyi ndi kitenge, ku Mozambique nsalu yomanga m'chiuno ndi capulana, pamene ku Zimbabwe ambiri amaitcha zambia, dzina losunga chikumbutso cha njira imene nsaluyo inadzera. Mdzukulu wa Mmalawi amene anabwera kudzagwira ntchito ya njanji ku Bulawayo akhoza kutchula nsalu imodzi ndi mayina awiri, chitenje kunyumba ndi zambia kumsika. Mapatani amayenda monga mawu obwereka amayendera. Kusiyana kwake n'kwakuti mawu salipiridwa, pamene diresi lili ndi mtengo, ndipo pali wina amene amalandira ndalamazo.

Komabe pali zinthu ziwiri zimene kudinda pa nsalu kumafooketsa. Choyamba ndi nthawi. Chojambula cha pakhoma chimakhala nyengo imodzi, ndipo mphamvu ya mwambowu ili pa kuyambanso chaka ndi chaka. Makina amasankha patani imodzi n'kuibwereza kambirimbiri, kotero kuti chimene mayi anachiyesa chaka chimodzi chimayamba kuoneka ngati lamulo la mtundu wonse. Chachiwiri ndi malo. Pakhoma patani imatsata kuzungulira kwa nyumba, chitseko ndi m'munsi mwa denga. Pa nsalu lumo la telala limaidula potsata thupi. Zovala zopambana ndi zimene zimasiya mzere wa patani kuti uzungulire thupi monga unazungulira nyumba. Zofooka ndi zimene zimaidula tizidutswa mpaka isanduke maluwa wamba a m'sitolo.

Ntchitoyi ikusiyananso ndi nsalu ya fuko imene Auxillia Mnangagwa anakhazikitsa mu December 2020, yokhala ndi mbalame ya Zimbabwe. Nsalu imeneyo inachokera kumwamba kutsikira kwa anthu, monga zitenje za nkhope ya Kamuzu Banda zimene mbumba inkavala ku Malawi. Ya ku Matobo ikuchokera pansi, m'manja mwa anthu odziwika m'midzi yawo. Ichi ndicho chifukwa chake dzina la malo lokha silikwanira. Matobo ndi mapiri, ndipo mapiri sajambula. Mlingo woyenera kuyezera nsalu iliyonse ndi wakuti m'mphepete mwake mukhale dzina la mayi amene anaiyambitsa, ndiponso kuti gawo la phindu limufike nthawi iliyonse nsaluyo ikadindidwanso.

Ophunzira ziyankhulo ali ndi gawo lawo pa ntchitoyi. Anthu a ku Romania anatha kuteteza bulauzi yawo chifukwa mayina a zigawo zake ndi madera ake anali olembedwa kale m'mabuku ndi m'nyumba zosungira zakale. Kulemba mawu a Chindebele amene amayi a ku Matobo amatchulira mapatani awo, komanso mayina amene amayi a m'misika ya Blantyre ndi Chipata amapatsa zitenje, ndi ntchito yofunika kuchitidwa amayiwo akadali moyo. Patani yokhala ndi dzina ndi mwini wake wolembedwa ili ndi mboni pa tsiku limene kampani ya kunja idzaitenge.