Njobvu, Munda ndi Ufulu Wotsutsa

Anzanga acinyamata, tiyeni tiunike mau amene tikumva kawirikawiri kwa ena omenyera ufulu wa nyama, akuti kupha nyama iliyonse ndi kulakwa, ngakhale zitavuta bwanji. Cifundo cao n'cabwino, ndipo nkhanza kwa nyama sitizivomereza. Koma cifundo cosafuna kufunsidwa mafunso cimaopsa.

Mu July 2022, njobvu 263 zinasamutsidwa kucokera ku Liwonde kupita ku Kasungu National Park ku Malawi, mothandizidwa ndi mabungwe a IFAW ndi African Parks. Paki imeneyi ili m'malire ndi dziko lathu, ndipo njobvu sidziwa malire. Alimi a ku Lundazi ndi Lumezi akhala akudandaula za cimanga codyedwa ndi nkhokwe zogwetsedwa, ndipo anthu afa mbali zonse ziwiri. IFAW imakana mlandu, ikunena kuti kuyang'anira nyamazo ndi udindo wa boma.

Tsono taganizirani: mai amene wagona ku munda akuliza zitini, akanena kuti njobvu yovutitsa iphedwe, kodi ndiye kuti ndi mdani wa cilengedwe? Amene amamuweruza motero sanamumvetsere. Wokhulupirira kuti coonadi conse cili m'manja mwace saona cifukwa cofunsa munthu wa kumudzi, ndipo pamenepo ndi pamene zolakwa zimayambira.

Ifenso tisagwere m'dzenje lomwelo. Wofuula kuti njobvu zonse zithe walakwa cimodzimodzi. Upandu wa minyanga unatha njobvu zambiri m'cigwa ca Luangwa m'zaka za 1970 ndi 1980, mpaka malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa mu 1989. Mnzathu wokonda nyama si wogulidwa ndi azungu ai.

Njira ina ilipo, ndipo taiona kwathu kuno. Kuyambira 2003, bungwe la COMACO linasankha kukambirana ndi osaka nyama mobisa m'malo mongowatemberera. Ambiri anapereka mfuti ndi misampha, naphunzira ulimi, nayamba kugulitsa nsawawa, mpunga ndi uci. Anthuwo anasintha cifukwa anamvedwa.

Conco pa msonkhano wanu wotsatira, nkhaniyi ikabuka, mpatseni mpata amene mukutsutsana naye amalize mau ace. Mutu umodzi susenza denga. Mutetezeni njobvu, koma muyambe mwafunsa mwini munda.