Galamala Wolamula ndi Galamala Wofotokoza

M'chaka cha 1891, W. A. Elmslie analemba galamala wa Chingoni cha m'dziko la M'mbelwa, ndipo mu 1937 Mark Hanna Watkins anatulutsa wa Chichewa atamvetsera malankhulidwe a Kamuzu Banda. Cholinga chawo chinali kufotokoza chiyankhulo monga mmene eni ake amachiyankhulira. Koma galamala wa m'sukulu zathu ndi wolamula. Ntchito yake n'kuweruza basi. Mwana wa ku Embangweni, amene kwawo amati "ŵanthu", akalemba "wanthu" m'malo mwa "anthu", aphunzitsi amangokhwatcha. Komatu mwanayo sakuphophonya mwachisawawa: akutsata lamulo la Chitumbuka, limene limasunga "ŵa-" pamene Chichewa chili ndi "a-". Mabuku athu a galamala sawauza aphunzitsi a ku Mzimba zimenezi, ndipo apa m'pamene aperewera kwambiri.